Ndani ankatsogolera nyumba ya malamulo ya Mississippi mu 1870?

Mphunzitsi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti anamva kuti nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha, anthu akuda ndiwo ankalamulira nyumba ya malamulo ya chigawo cha Mississippi, ndiye akufuna kudziwa ngati n'zoona, komanso kuti ankatsogolera ndani.

Aphunzitsi, ayi, sankalamulira. Mu Januwale 1870, pamene aphungu anakumana ku Jackson, likulu la chigawochi, chipani cha Republican ndicho chinali ndi mipando yambiri, koma akuda anali ochepa poyerekeza ndi azungu, ngakhale kuti m'chigawomo akuda ndiwo anali ochuluka. Sipikala anali mzungu, Freeman E. Franklin. Bwanamkubwa James L. Alcorn nayenso anali mzungu, ndipo kale anali ndi akapolo akeake. Nkhani yoti "akuda analanda boma" anaifalitsa pambuyo pake anthu ofuna kuipitsa nyengo imeneyi, chonde musaipititse kwa ana asukulu.

Komatu kuchepa kwawo sikunawalepheretse kugwira ntchito. Msonkhano umenewu unavomereza kusintha kwa nambala 14 ndi 15 kwa malamulo aakulu a dziko (kokhudza unzika ndi ufulu wovota wa akuda), unakhazikitsa sukulu za boma, ndipo pa 23 Febuluwale 1870 Mississippi inalandiridwanso mu mgwirizano wa zigawo za America.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Hiram Revels. Anali m'busa wa mpingo wa African Methodist Episcopal ku Natchez, mzinda wa ku Mississippi, wobadwa mfulu ku North Carolina mu 1827. Tsiku lotsegulira Senate ya chigawocho anapemphedwa kuti apemphere, ndipo pempherolo linawafika pamtima anzake. Masiku amenewo maseneta opita ku Washington ankasankhidwa ndi aphungu a chigawo, osati ndi anthu onse ovota. Izi zinadzasintha mu 1913. Aphungu akuda anaumirira kuti mpando umodzi upite kwa mmodzi wa iwo, ndipo anasankhidwa Revels. Pa 25 Febuluwale analumbira, n'kukhala munthu wakuda woyamba mu Senate ya America. Ambiri amati anatenga mpando wa Jefferson Davis, mtsogoleri wa zigawo zakummwera zimene zinaukira boma pa nkhondo ija, koma mpandowo unali wa Albert Gallatin Brown.

M'nyumba ya malamulo ya Mississippi ija munalinso mnyamata wina, John R. Lynch, amene anabadwa kapolo mu 1847 ndipo ankagwira ntchito yojambula zithunzi ku Natchez. Ameneyu anadzakhala sipikala mu 1872 ali ndi zaka 24 zokha. Mwina mphekesera munamvayo inachokera apa.

Zonsezi sizinakhalitse. Pa chisankho cha 1875 magulu a azungu onyamula mfuti anaopseza ndi kupha ovota akuda, a chipani cha Democrat n'kutenganso nyumbayo. Malamulo aakulu atsopano a Mississippi a mu 1890 anabweretsa msonkho wovotera ndi mayeso owerenga, ndipo akuda ambiri anachotsedwa m'kaundula wa ovota mpaka m'zaka za m'ma 1960.