Lenzi ya wide-angle pa laser: imatambasula, koma ili ndi mtengo wake

Achimwene, mwati laser yanu mukaiyika mu holo yaing'ono chithunzi chimangodzaza pakati pa khoma, m'mbali muli mdima, ndiye mukufuna kudziwa ngati lenzi ya wide-angle ingathetse vutoli. Ingathetse ndithu, bola mudziwe chomwe mukutaya posinthanitsapo.

M'kati mwa pulojekita muli timagalasi tiwiri totchedwa galvo. Kena kamaponya cheza kumanja ndi kumanzere, kena m'mwamba ndi pansi, ndipo m'makina ambiri timathera pa madigiri 40 mpaka 60. Tiwerengere limodzi: pa madigiri 40, khoma lili pa mtunda wa mamita 5, chithunzi chimakula mamita 3.6 basi. Lenzi yowirikiza kawiri ikakufikitsani pa madigiri 80, pa mtunda womwewo mwapeza mamita opitirira 8.

Ubwino wina anthu saulabadira. Liwiro la magalvo limene amalemba pa bokosi, monga 30K (madontho 30,000 pa sekondi), amaliyeza pa madigiri 8 okha pogwiritsa ntchito chithunzi choyesera cha ILDA, bungwe la anthu ochita zionetsero za laser. Mukakakamiza magalvo kuti atambasule mpaka kumapeto amatentha, makona a zilembo amayamba kuzungulira, chithunzi n'kumaphethira. Lenzi ikakhalapo timagalasito timangogwedezeka pang'ono, zotsalazo imachita ndi lenziyo. Kwa munthu wolemba mayina ndi ma logo pa khoma lapafupi, zimenezi zokha n'zokwanira kuigulira.

Koma lenzi yomwe yawirikiza ngodya kawiri imawirikizanso divergence, kutanthauza kufufuma kwa cheza chikamapita kutali. Cheza cha 1 mrad (muyezo wa kufufumako) chimanenepa ndi masentimita 3 pa mamita 30. Ndi lenziyo akhala 6, ndipo poti kuwala komweko kwamwazikira pa malo okula pafupifupi kanayi, mzere wakuthwa uja umaoneka wofooka mu utsi. Ngati ntchito zanu zambiri n'zapanja kapena m'maholo aatali, ine ndingati ndalamayo isungeni.

Mitundu ya kuwala nayonso imabalalika. Chofiira chimakhala cha m'ma 638 nm (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), chobiriwira 520, cha buluu 445, ndipo galasi silizikhotetsa mofanana. Pakati pa chithunzi zonse zimaoneka bwino, koma yandikirani mzere woyera wa m'mphepete: mupeza mbali ina yafiirira, ina yachita buluu. Mizere yowongoka nayo imapindika ngati uta. Kupindikako mutha kukonza ndi geometric correction (chida chowongolera chithunzi) mu QuickShow kapena Beyond, mapulogalamu a pakompyuta a kampani ya Pangolin, pomwe mitundu yobalalika imafuna lenzi yabwino basi. Apa ndi pomwe timalenzi totchipa ta kamera ya foni timagwetsera anthu ulesi. Funani yokhala ndi AR coating (chokutira choletsa kuwala kubwerera m'mbuyo) ya mitundu itatu yonseyo, chifukwa kuwala kobwerera m'mbuyo kutha kuwononga ma diode, tizipangizo totulutsa cheza. Musaigwirenso ndi zala. Mafuta ndi fumbi zimapserera pagalasi.

Chomwe sindingachisiye ndi maso a anthu. Laser yopitirira 500 mW ili mu Class 4, gulu la ma laser oopsa kwambiri, malinga ndi muyezo wa chitetezo wa IEC 60825-1, ndipo kufufuma kwa cheza sikuisandutsa yosaopsa. Malire onse amene munaika mu pulogalamu, ndi kachitsulo ka kutsogolo kwa pulojekita kotchinga cheza kuti chisafike kwa anthu, munaziyeza popanda lenzi. Mukangoimanga, cheza chomwe chimadutsa pamwamba pa mitu chitha kutsikira pankhope za a mzere woyamba, kapena kukafika pa zenera ndi pa makamera. Yezaninso zonse holo ilibe munthu, mphamvu mutaitsitsa kwambiri. Ku United States lamulo limafuna cheza chikhale mamita 3 pamwamba pa pomwe anthu aima, ndipo ndi muyezo wabwino kuutsatira kulikonse. Musasokonezenso wide-angle ndi lenzi ya SafetyScan. Imeneyo ntchito yake ndi kufufumitsa cheza cholunjika kwa anthu, situkula ngodya.

Musanagule, yesani kaye kubweza pulojekita m'mbuyo kapena kuiika pa kona ya holo. Pa madigiri 40, mita iliyonse yomwe mwabwerera ikuwonjezerani masentimita oposa 70. Ngati malo palibiretu, tiuzeni mtundu wa makina anu, kukula kwa kazenera kake kotulukira cheza ndi mtunda wa khoma, chifukwa lenzi yaing'ono imadula makona a chithunzi.