Achimwene, chotsani kaye pepala la chandamale, sight yatsopano idikire

Achimwene, pa mafunso anu onse ndiyankhapo limodzi. Za mtundu wa mivi ndi stabilizer (ndodo yokhazikitsa uta) yoti mugule ayankhe ena. Mwati uta wanu ndi recurve (wa nsonga zopindikira kutsogolo) wofuna mphamvu ya mapaundi 38 pokoka chingwe, mwalasa kwa chaka ndi theka, ndipo masiku ano sight, kachida kolunjikira ka pa uta, ikangoyandikira pachikasu cha pakati pa chandamale zala zimatseguka zokha dzanja lisanafike n'komwe pansi pa chibwano. Masiku ena sight imaima m'munsi mwa chikasu, mkono n'kukanika kukwera ngati mwaumangirira mwala. Imeneyo ndi target panic, mantha a chandamale olepheretsa munthu kulamulira nthawi yosiya chingwe. Zizindikiro ziwirizo ndi vuto limodzi, ndipo silichoka ndi chida chogula m'sitolo.

Chachitika n'chakuti thupi lanu lalumikiza zinthu ziwiri zimene zimayenera kukhala zosiyana: kuona chikasu ndi kusiya chingwe. Diso likangoona kuti sight yafika, zala zimamva ngati zalamulidwa. Pamene mkono ukuuma m'munsi mwa chikasu, ndi thupi lomwelo likuzemba malo amene likudziwa kuti muvi uchokera. Muvi uliwonse umene mwauponya motero ukukhomerera chizolowezicho. N'chifukwa chake amene akukuuzani kuti muziponya mivi 200 patsiku mpaka zitatha akukulakwitsani, ngakhale akunena ndi mtima wabwino. Mudzangokhala katswiri wa vuto lomwelo.

Yambirani pa kulemera kwa uta, kutanthauza mphamvu imene umafuna pokoka chingwe, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mapaundi 38 kwa munthu amene walasa chaka ndi theka chokha ndi ambiri. Komanso nambala yolembedwa pa ma limb, mikono iwiri yopindika ya uta, amaiyeza pokoka chingwe mainchesi 28. Ngati inu mumakoka 29 kapena 30, onjezani pafupifupi mapaundi awiri pa inchi iliyonse, ndiye mwina pazala panu pali 40 kapena 42. Dziyeseni chonchi: kokani mpaka pachibwano, gwirani masekondi 20 osanjenjemera, bwezani chingwe pang'onopang'ono, pumani mphindi imodzi. Mukalephera kubwereza kasanu phewa lakutsogolo lisanayambe kukwera cha kukhutu, utawo wakukulirani. Munthu amene uta wamulemera safuna kukhalitsa pachibwano, amafulumira kusiya chingwe, ndipo kufulumirako ndi kumene kumasanduka target panic. Ngati uta wanu ndi wa ILF, mtundu umene ma limb ake amachotsedwa n'kusinthidwa ndi a makampani ena, pezani ma limb a mapaundi 22 mpaka 26. Otsika mtengo amakhala cha m'ma dola 80 mpaka 120 musanawerengere zotumiza, ndipo ogwiritsidwapo kale kapena obwereka kukalabu ndi abwinonso. Musaganize zongomasula mabawuti a ma limb amene muli nawo. Mabawuti aja amasintha kulemera pang'ono chabe, cha m'ma 10 pa 100, ndipo mukawamasula kupitirira malire amene opanga ananena limb ikhoza kusolomoka uta uli wokokedwa. Mivi yanu idzakhala youma, yosapindika mokwanira, kwa ma limb opepukawo, koma pamtunda umene muzilasira masabata oyambawa zimenezo zilibe kanthu.

Sabata yoyamba uta muusiye. Tengani lamba wa mphira, wa dola zochepa chabe, muime pagalasi. Mapazi atalikirane ngati mapewa, phewa lakutsogolo likhale pansi, chigongono chakumbuyo chizungulire kupita kumbuyo kwa mutu, ndipo kukoka kuzichokera m'minofu ya kumsana osati m'mkono. Mukafika pachibwano musaime zii. Kukoka kuzipitirira pang'onopang'ono mpaka zala zitangofewa, dzanja n'kutsetsereka m'mbali mwa khosi. Likamathawira kunja kutali ndi nkhope, ndiye kuti mwatsegula zala dala. Kakhumi katatu patsiku n'kokwanira.

Kenako mubwere pa chimene amachitcha blank bale, kutanthauza kulasa pathumba lopanda chojambula chilichonse. Pepala lichoke, ngakhale kadontho kapena bowo lakale limene diso lingakakamirepo muliphimbe. Imani mamita atatu. Thumbalo likhale lalikulu ndipo pakati pake palingane ndi phewa lanu, chifukwa mukamalasa chowerama mudzaphunzira kaimidwe kolakwika. Likhale la fomu kapena lodzaza nsanza zothinana bwino. Thabwa, tayala kapena khoma la njerwa kumbuyo kwake ayi ndithu, pamamita atatu muvi wobwerera umakupezani musanaphethire. Onetsetsaninso kuti kuseri kulibe njira ya anthu kapena ana osewera. Sight muichotse. Ponyani mivi 30 mpaka 40 patsiku, umodziumodzi, malo osiyanasiyana kuti musaswe ma nock, timapulasitiki takumbuyo kwa muvi togwira chingwe. Muvi uliwonse muziganiza chinthu chimodzi chokha, monga chigongono chakumbuyo. Mukafuna kutseka maso, tsekani mutakoka kale ndipo mutaona kuti muvi waloza pakati pa thumba. Chitani zimenezi masabata atatu osapitako pachandamale ngakhale kamodzi "kungoyesa". Kuyesako ndi kumene kumabwezera anthu poyambira.

Koma ndikuchenjezeni, pakuti ambiri amathera pomwepa n'kumati njirayi ndi yabodza. Blank bale payokha sichiza target panic. Imakonza kakokedwe ndi kasiyidwe ka chingwe, koma mantha anu ali pachikasu, ndipo chikasucho simunakumane nacho. Munthu amalasa bwino kwambiri pathumba mwezi wathunthu, n'kupita pamamita 18, muvi wachitatu zala zatseguka kale. Ntchito yeniyeni ili pa masitepe awiri otsatirawa.

Loyamba ndi kulunjika osalasa. Bwezerani sight, pachikani pepala, imani mamita asanu, muvi uli pachingwe. Kokani, fikani pachibwano, ikani sight pachikasu, werengani mpaka 5, kenako bwezani chingwe osaponya. Kakhumi kawiri patsiku, sabata imodzi kapena ziwiri. Masiku oyamba zala zidzafuna kutseguka, mwina muvi udzachoka ndithu, n'chifukwa chake muvi uzikhala pachingwe ndipo uziloza pathumba nthawi zonse. Uta wosiyidwa wopanda muvi umatha kusweka ma limb n'kukuvulazani. Pa sitepeli mukuphunzitsa thupi kuti chikasu chikhoza kuonedwa popanda chochitika. Sight idzayendayenda, ilekeni. Palibe munthu amene amaiimitsa zii, ngakhale amene amalasa mamita 70 ku Olympics. Inu yang'anani pakati, sight iziyandama pomwepo. Kulimbana nayo kuti iime, kapena kudikira kuti idutse pakati n'kusiya msangamsanga, ndiye gwero la vutoli. Ena zimawathandiza kuchotsa kadontho ka m'kati mwa sight n'kutsala ndi mphete yokha.

Lachiwiri ndi kubwerera pachandamale pang'onopang'ono. Tengani pepala lalikulu la masentimita 122, lija la mamita 70. Chikasu chake n'chotambalala masentimita 24 ndi pang'ono, moti pamamita asanu simungachiphonye, ndipo cholinga n'chomwecho. Muzisakaniza: kokani kawiri n'kubweza, kachitatu ponyani, ndipo muzisintha dongosolo kuti thupi lisalowezere. Mukatha masiku atatu otsatizana popanda muvi wothawa wokha, bwererani m'mbuyo mufike mamita 8, kenako 10, 13, 15 mpaka 18. Mukafika 18 m'pamene muyambe kuchepetsa pepala, 80, kenako 60, pomaliza 40. Musasinthe mtunda ndi pepala tsiku limodzi. Lamulo lake ndi lowawa koma musalinyengerere: muvi umodzi ukangothawa, tsiku limenelo chandamale chatha, malizirani pathumba, ndipo mawa muyambire mtunda wa m'mbuyo. Mapointi musawerenge, ndipo muvi wolowa pa 10 koma wochoka mothawa muuwerenge ngati wolakwika. Zonsezi zimatenga miyezi iwiri kapena itatu, ena kuposerapo. Mipikisano muyiiwale kaye, chifukwa wotchi ndi maso a anthu zimadzutsa vutoli msanga.

Za clicker. Simunaitchule, ndiye ndikuganiza kuti mulibe. Ndi kachitsulo ka pa uta kamene kamagona pa muvi n'kulira nsonga ikakadutsa pokoka, kotsika mtengo, cha m'ma dola 10 mpaka 25, ndipo imathandizadi chifukwa chizindikiro chosiyira chingwe chimachoka m'maso n'kupita pa kulira kwake. Koma muyiike pokhapokha kakokedwe kanu katakhazikika, cha kumapeto kwa masabata a pathumba, ndipo wina aime pambali akuonereni. Mukafika pachibwano nsonga ya muvi izitsala mamilimita awiri kapena atatu pansi pa clicker, otsalawo muwamalize ndi msana. Mukasiya mamilimita ambiri mudzayamba kukoka ndi zala, kupendeketsa mutu kapena kukankha phewa kuti ilire. Mukasiya ochepa kwambiri idzalira musanakhazikike. Ndipo dziwani kuti mantha amatha kusamukira pa clicker yomweyo, munthu n'kumadzidzimuka ikangolira kapena kuuma isanalire. Mankhwala ake ndi omwewo: ilire, gwiranibe masekondi awiri, bwezani chingwe osaponya. Pobweza samalani, muvi wadutsa kale clicker, ndiye muubwezeretse pansi pake musanakokenso.

Wina wakuuzani kuti mungosamukira ku compound, uta wa timawilo kunsonga. Uta wa compound umapepukadi mukafika kumapeto, ambiri amachotsa 65 mpaka 80 pa 100 ya kulemera, koma target panic imakutsatirani. Kumeneko imaonekera pomenya trigger, kabatani kosiyira chingwe, ndi chala sight ikangodutsa pakati, makamaka pa release (kachida kogwirira chingwe) ya pamkono yowombera ndi chala cholozera. Amene ali kale pa compound amathandizidwa ndi hinge release, imene imatseguka ikapendekeka m'dzanja, kapena ija yotseguka ndi mphamvu yokoka, ndipo yabwino imayambira cha m'ma dola 100 kukwera mpaka 250. Imeneyonso amayamba kuiphunzira pa kachingwe wamba osati pa uta, chifukwa ikatseguka pakati pokoka chibakera chimathera pakamwa. Kugula uta wina ndi zonse zake pofuna kuthawa chizolowezi ndi kutaya ndalama.

Mukadzabwerera ku ma limb olemera, kwerani ndi mapaundi awiri mpaka anayi pa nthawi, osadumpha kuchoka 24 kufika 38. Mphamvu muzipanga padera: kokani, gwirani masekondi 20 mpaka 30, pumani kawiri kuchuluka kwa nthawi imene munagwira, bwerezani kakhumi, katatu pasabata. Phewa likayamba kubaya m'kati siyani, kumeneko si kutopa wamba.

Kena kapambali. Popeza muzilasa pafupi kwambiri, mivi izigundana kuposa kale. Ngati ndi ya kaboni, musanayambe muziipinda pang'ono n'kumaizunguza mukumvetsera. Ukalira ngati ukusweka, kapena nock ikakhala ndi mng'alu, muuchotse, chifukwa muvi wotero umathyokera padzanja logwira uta. Ndipo ngati mulibe mphunzitsi pafupi, imikani foni m'mbali mwanu molingana ndi phewa, ijambule mwapang'onopang'ono kamodzi pasabata. Muziyang'ana nsonga ya muvi mutafika pachibwano. Ikamasendera kutsogolo musanasiye chingwe, msana wasiya kukoka, ndipo mtunda umene mulipowo musauwonjezere sabata imeneyo.