Dripi, kwinini ndi maso a akale pa ntchito: yankho kwa wophunzira unamwino

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati m'wodi ya ana momwe mukuphunzirira ntchito muli bambo wina, clinical officer amene wagwira ntchito zaka zoposa 20, ndipo iwo amati mwana aliyense wobwera thupi likutentha kwambiri, manja atazizira, azithamangitsidwira dripi mwachangu, komanso amati kwinini sanawagwiritsepo mwala, pamene buku la ndondomeko likunena zina. Ndiye mukufuna kudziwa ngati muyenera kumvera munthu amene waona odwala zikwizikwi kapena pepala lolembedwa ndi anthu amene sanapondepo m'wodi yanuyo. Ndikuyankhani monga munthu amene kale ndinkachita zomwe bambowo akukuuzanizo, ndipo ndinkazichita ndi mtima wonse.

Ndimakumbukira usiku wina pa chipatala chimene ndinayambira ntchito, pamene mayi wina anafika akuthamanga, mwana wa zaka zitatu ali lende kumsana. Titamugoneka, ndinaika kanyula (kachubu kolowetsa mu mtsempha), ndipo poona kuti madzi akuchedwa kutsika ndinagwira thumba la dripi ndi manja awiri n'kumalifinya. Pasanathe ola limodzi mtsempha wa pa mkono unayamba kumveka bwino pansi pa chala changa, zikhatho zinafunda, mayi uja anapumira m'mwamba, ine n'kupita kwa wodwala wina ndili wokhutira. Zoterezi ndinaziona kambirimbiri, choncho bambo anuwo akamati anaona ana akutsitsimuka, sakunama ayi. Vuto lili pa chimene maso sangathe kuona: mwana mmodzi sitingamupatse dripi yothamanga n'kumumananso nthawi yomweyo kuti tiyerekeze zotsatira zake. Akachira timati dripi yathandiza, akamwalira mawa lake timati anabwera mochedwa, ndipo mwa njira imeneyi chizolowezi chathu sichipezeka cholakwa ngakhale tsiku limodzi.

Kafukufuku wa FEAST, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayankha funso lomwelo. Anachitika m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania motsogozedwa ndi Kathryn Maitland, ndipo ana 3,141 odwala kwambiri ndi kutentha thupi, amene magazi awo sankayenda bwino, anagawidwa m'magulu mochita ngati maere, kuti pasakhale dokotala wosankha yekha kuti uyu alandire ichi, uyo alandire icho. Ena anathamangitsidwira madzi, ena analandira madzi oyenda pang'onopang'ono basi. Ofufuzawo ankayembekezera kuti madzi othamanga apulumutsa ana, koma patatha maola 48 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse othamangitsidwira madzi anamwalira pafupifupi 11, pamene mwa enawo anamwalira pafupifupi 7, moti kafukufukuyo anaimitsidwa asanafike kumapeto. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ana a madzi othamangawo ankaoneka bwino mu ola loyamba, monga momwe ine ndinkaonera. Kusiyana kwa ana atatu kapena anayi pa 100 aliwonse palibe namwino kapena dokotala, ngakhale wamaso akuthwa chotani, amene angakuzindikire m'wodi momwe ana amalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku. Kumaoneka pokhapokha wina akakhala pansi n'kuwerenga ana zikwi zingapo.

Nkhani ya kwinini ndi yomweyo. Kwinini amachizadi malungo aakulu, ndiye chifukwa chake akale amamukhulupirira, koma kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, amene anakhudza ana 5,425 m'mayiko asanu ndi anayi a mu Africa, kuphatikizapo mzinda wa Beira ku Mozambique, anaonetsa kuti mwa olandira kwinini anamwalira 10.9 peresenti pamene mwa olandira jakisoni wa artesunate anamwalira 8.5 peresenti. Artesunate satsitsanso shuga wa m'magazi monga amachitira kwinini, ndipo safuna dripi ya maola anayi yoyang'aniridwa ndi namwino mmodzi amene ali ndi ana odzaza wodi. Kwinini atsale wa tsiku limene artesunate watha kufamase.

Komabe sindikufuna kuti muchoke pano ndi maganizo akuti chilichonse chosindikizidwa m'magazini a zachipatala chiyenera kumezedwa chosatafuna. Mu 2002 kafukufuku wa ku Ulaya anaonetsa kuti mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa dexamethasone amathandiza akuluakulu odwala matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya. Koma chaka chomwecho Elizabeth Molyneux ndi anzake pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre anatulutsa zotsatira za ana 598 zoonetsa kuti mankhwalawo sanachepetse imfa, ndipo mu 2007 kafukufuku wa akuluakulu 465 pa chipatala chomwecho anapezanso kuti palibe phindu. Odwala athu anali ena: pafupifupi 9 mwa akuluakulu 10 aliwonse anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri ankafika matenda atakula kale. Choncho mukamva kuti "kafukufuku waonetsa", funsani kuti anachitikira kuti, pa anthu otani, anayerekeza chiyani ndi chiyani, ndipo anawerenga chiyani pomaliza, kaya ndi ana amene anatuluka amoyo kapena nambala chabe ya pa makina.

Funso limeneli la "pa anthu otani" likhudzanso dripi ija, ndipo apa mumvetsetse bwino chifukwa pali moyo wa mwana. Mu FEAST simunalowe ana otsekula m'mimba amene madzi awathera m'thupi, kapena ana onyentchera kwambiri, kapena opsa ndi moto. Mwana wa kolera amene maso alowa m'kati ndipo khungu mukalitsina silibwerera amafunika madzi mwachangu monga mwa Plan C, ndondomeko yothandizira ana amene madzi awathera kwambiri m'thupi, ndipo kumumana chifukwa choti munamva za FEAST kungakhale kulakwa koopsa. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2016 amasiyanitsanso mwana amene ali ndi chizindikiro chimodzi kapena ziwiri ndi mwana amene ali ndi zonse zitatu pamodzi, ndizo manja ozizira, magazi ochedwa kubwerera pa chikhadabo kupitirira masekondi atatu, ndi mtsempha wothamanga koma wofooka. Wa zitatuyo amapatsidwa madzi, koma moyeza ndi kulemera kwake, kwa theka la ola mpaka ola lathunthu, wina akumuyang'anira kapumidwe.

Apa m'pamene luso la bambo anuwo lili ndi malo ake, ndipo musalipeputse. Pepala silingayang'ane mwana n'kudziwa kuti ali m'gulu liti, silingamve kuti kapumidwe kasintha, silingafunse mayi mwaulemu mpaka aulule kuti kunyumba anayamba amwetsa mwanayo mankhwala azitsamba. Zimenezi muphunzire kwa iwo, ndipo muziphunzire mwakhama. Koma funso lakuti mankhwala awa ndi awo opulumutsa ambiri ndi ati silimayankhidwa ndi zaka za pa ntchito. Dziko lathu lomwe linachita kusiya chloroquine mu 1993, loyamba mu Africa kutero, n'kusiyanso Fansidar mu 2007 kuti titenge LA, osati chifukwa madokotala a nthawiyo anali osadziwa ntchito, koma chifukwa anthu anawerenga ana amene tizilombo sitinkatha m'magazi mwawo.

Tsono musakatsutsane nawo pamaso pa odwala kapena owadikirira, chifukwa kutero kumangoumitsa mitima ndipo mayi wa mwana amataya chikhulupiriro mwa nonse awiri. Uzani kaye sisitala woyang'anira wodi kapena mphunzitsi wanu, kenaka pa lipoti la m'mawa mutenge buku la ndondomeko la Unduna wa Zaumoyo, mutsegule tsamba lake, ndipo mufunse mwaulemu kuti, "Bambo, apa alemba motere, kodi mwana wa dzulo uja anali m'gulu liti?" Ine anandifunsa chomwecho namwino wamng'ono kwa ine, ndinakhumudwa masiku awiri, kenaka ndinapita kukawerenga ndekha. Ngati mwalamulidwa kuthamangitsa dripi usiku muli nokha ndipo mukukayika, yezani zizindikiro zitatu zija, mulembe m'fayilo zimene mwapeza pamodzi ndi nthawi yake, ndipo muitane wamkulu woyenera kuitanidwa usikuwo musanatsegule dripiyo.