Chilungulira cha bambo anu, ndi nsima imene ikukakamirayo

Achemwali ena a ku Ntcheu andilembera imelo. Akuti bambo awo a zaka 58 akhala ndi chilungulira kalekale, usiku pamtima pamatentha, madzi owawasa kubwerera kukamwa, amangomwa magnesium kapena soda n'kugona. Koma miyezi yapitayi nsima yayamba kuwakakamira pachifuwa moti pano akungodya phala, thupi likutha. Funso lawo ndi loti, pali mankhwala amphamvu kuposa amenewa?

Achemwali, mankhwala alipo koma musayambire kumeneko. Chilungulira pachokha n'chodziwika, pamene m'mero ukulumikizana ndi chifu pali mnofu umene umatseka, ukafooka asidi amakwera m'mwamba n'kumawotcha m'mero, makamaka munthu akadya kwambiri n'kugona pompo, akanenepa, akamasuta kapena kumwa mowa, amayi oyembekezera nawonso chimawapeza kwambiri. Munthu wotere ku chipatala amapatsidwa omeprazole wa 20mg kamodzi patsiku, kumwa m'mawa kutatsala mphindi 30 kuti adye, kwa masabata 4 mpaka 8. Anthu ambiri amamwa atakhuta kale kenako n'kumati sagwira ntchito, ayi ndithu. Kudya kuzitha maola atatu munthu asanagone, miyendo ya bedi ya kumutu muikweze ndi njerwa, mapilo okha sathandiza chifukwa amangopinda mimba, komanso kugonera kumanzere kumapepula. Brufen, diclofenac ndi aspirin zimawonjezera vuto, ndipo anthu akuluakulu amamwa zimenezi ngati maswiti chifukwa cha msana. Soda uja asiye, ali ndi mchere wambiri, kwa munthu wa BP si bwino. Wina akakuuzani za mankhwala ena a chilungulira otchedwa ranitidine dziwani kuti anachotsedwa pa msika m'mayiko ambiri mu 2020.

Koma nkhani ya bambo anu yadutsa pamenepa. Chakudya chikamakakamira, kuyamba nyama ndi nsima, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi, ndiye kuti njira ikuchepa. Mwina ndi chipsera cha asidi wa zaka zambiri uja, chimenecho madokotala amatha kutanula munthu n'kuyambanso kudya bwinobwino. Kwa anthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika nthawi zina amakhala matenda a fangasi a kum'mero (thrush), kumeza kumapweteka, fluconazole amachiza. Koma ikhozanso kukhala khansa ya kum'mero, ndipo sindikubisirani, Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ambiri amafika mochedwa chifukwa kunyumba anangowasinthira ku phala poganiza kuti ndi maalusa (zilonda za m'mimba).

Palibe angadziwe kuti ndi chiti pongoyang'ana munthu. Pamafunika endoscopy, kapaipi kokhala ndi kamera kamene amalowetsa kudzera pakamwa, zimangotenga mphindi zochepa, akaona chokayikitsa amatapa kanyama kukayeza. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amapanga. Pitani nawo ku chipatala cha boma sabata ino, musakanene kuti chilungulira basi chifukwa akakupatsani mapilitsi n'kubwerera, mukanene momveka kuti chakudya chikukakamira ndipo akuonda, mupemphe kalata yowatumizira ku chipatala chachikulu. Akayamba kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena chifuwa kuthina mpaka ululu kufika ku mkono ndi thukuta, musadikire kuti kuche, chomalizachi chikhoza kukhala mtima. Tsiku la endoscopy adzawauza kuti asadye chilichonse kwa maola osachepera 6, ndiye mukonzeretu za ulendo.