Kodi manambala a NRMP angakuuzeni ngati mupeza malo a residency ku America?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa dokotala wina amene anamaliza sukulu ku Blantyre zaka zitatu zapitazo, internship anathana nayo kale. Akufuna residency, maphunziro a ukatswiri a madokotala, ku America, kumene malo ake amagawidwa kudzera ku bungwe la NRMP, ndipo Step 2 CK ndi amodzi mwa mayeso amene dokotala amalemba kuti aloledwe kumeneko. Funso lake mwachidule ndi ili: "Ndapeza 238 pa Step 2 CK ndipo ndikufuna internal medicine ku America. Ndayang'ana matebulo a NRMP, avereji ya amene anapeza malo ikuposa malikisi angawa. Ndingozisiya basi, kapena manambalawa ndisawatengere pamtima?"

Achemwali, musazisiye kaye, komanso matebulowo musawataye. Ntchito yawo ilipo, kungoti si imene mukuwapatsayo.

Chimene mukuwerengacho ndi lipoti la NRMP lotchedwa Charting Outcomes in the Match, ndipo poyamba onetsetsani kuti mwatsegula lipoti la ma IMG (madokotala ophunzira kunja kwa America), osati la ana a sukulu za ku America komweko, chifukwa awa ndi magulu awiri osiyana kwambiri. Iwowo oposa 9 mwa 10 aliwonse amapeza malo, pomwe ife ophunzira kunja opanda unzika wa America timakhala pafupifupi 6 mwa 10. Ndinaonapo mnzanga wina atakhala pa laputopu mpaka 2 koloko usiku, tiyi atazizira m'kapu, akudziyerekeza ndi tebulo la gulu lolakwika, m'mawa mwake n'kumati zonse zatha. Zinandiwawa chifukwa munthuyo anali dokotala wabwino zedi.

Ndiye nkhani ya avereji ija. Avereji ndi pakatikati chabe, kutanthauza kuti mwa amene anapeza malowo alipo ambirimbiri amene anali pansi pake, ndipo mukayang'ana mbali ya amene sanapeze mupezamo ena a malikisi okwera kuposa anu. Magulu awiriwa amalowanalowana. Chimene tebulo silionetsa ndi chakuti wa 238 amene anadutsayo mwina anali ndi kalata yamphamvu yochokera kwa dokotala wa ku America amene anagwira naye ntchito mu wadi, mwina sankafuna visa, mwina anangoyankhula bwino pa intavyu mpaka anthu n'kumukumbukira. Zimenezi sizilowa mu manambala. Komanso zina mwa zimene zili mmenemo, monga za research, ndi zimene anthu anadzinenera okha, ndipo ma abstract, ma presentation ndi mapepala osindikizidwa amaziphatikiza pamodzi, ndiye mukaona nambala yaikulu musaganize kuti aliyense ali ndi mulu wa mapepala m'ma journal.

China, kuyambira Januwale 2022 Step 1, gawo loyamba la mayeso omwewa, inasiya kupereka malikisi, pano ndi pass kapena fail basi. Malipoti akale amene ankatamanda Step 1 sakukuthandizaninso, kulemera kwambiri kunasamukira pa Step 2 CK, n'chifukwa chake nkhawa yanuyo ndikuyimvetsa.

Pamene manambala amathandiza kwenikweni ndi pa ndalama. ERAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu, imalipiritsa pulogalamu ya residency iliyonse imene mwaapulaya, mu madola, ndipo ife tikudziwa mmene dola imavutira kuipeza. Mapulogalamu ambiri amasefa mafomu ndi kompyuta munthu asanawerenge n'komwe: malikisi ochepera pakuti, zaka zimene zadutsa chimalizireni sukulu, munalepherapo mayeso kapena ayi, mukufuna visa yanji. Zaka zitatu zanuzo zikadali bwino kwa ambiri, koma chaka chilichonse chimene mukudikira zitseko zina zimatsekeka. Ndiye khalani pansi ndi FREIDA komanso Residency Explorer, mawebusayiti ofufuzira mapulogalamu, pulogalamu iliyonse muione payokhapayokha, kodi amatenga visa ya J-1 imene imadzera ku ECFMG (bungwe lotsimikizira madokotala ophunzira kunja) kapena amachitanso visa ya H-1B, kodi ma resident awo apano alipo ophunzira kunja. Lowaninso pa webusayiti yawo muone zithunzi za ma resident ndi sukulu zimene anachokera, mukapeza onse ndi a ku America okhaokha, ndalama yanu musaiponye kumeneko. Ma signal anu ochepa, amene mumatumiza poonetsa mapulogalamu amene mukuwafunitsitsa, nawonso musawamwaze pa zipatala zotchuka zokha, apatseni amene angakuyitanenidi.

Muli graph imodzi mu lipoti la NRMP lija imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse, ya contiguous ranks, imene imaonetsa kuti mukakhala ndi mapulogalamu ambiri a specialty imodzi pa rank list yanu (mndandanda wa malo amene mukufuna, woyambira pa amene mukuwafunitsitsa) mwayi umakwera. Koma muimvetse bwino, mapulogalamu amenewo ndi amene anakuyitanani ku intavyu, kungolembapo mayina a malo amene sanakuoneni sikuwonjezera kanthu. Ndiye kuyambira Seputembala, pamene mafomu amatumizidwa, nkhondo yanu yonse ndi yopeza ma intavyu, ndipo mukangolowa mu intavyu 238 ija mphamvu yake imachepa, amakhala akuyang'ana inuyo, mmene mukufotokozera wodwala amene munamusamalira usiku muli nokha pa call.

Pomaliza pa rank list, chonde musasewere ndi manambala. Algorithm ya NRMP imayambira pa zofuna za woapulaya, ndiye kuika pamwamba malo amene mukuwafunitsitsa sikukuchotserani mwayi ku malo a pansi. Anthu amalakwitsa apa, amaika pa nambala 1 malo amene akungoganiza kuti ndi osavuta, kenako Match Day ya mu Malichi, tsiku lodziwa kumene apita, ikafika n'kumadandaula. Lembani motsatira mtima wanu, ndipo werenganitu za SOAP, njira yofunira malo otsala kwa amene sanapeze, nthawi ikadalipo kuti Lolemba la sabata imeneyo, pamene mumauzidwa ngati mwapeza malo kapena ayi, lisakupezeni osakonzeka.

Mundilemberenso mundiuze ngati muli ndi US clinical experience iliyonse (kugwirako ntchito mu chipatala cha ku America) komanso makalata anu akulemberani ndani, pamenepo ndiye tikhoza kuona limodzi mapulogalamu oti muyambire.