Yambani ndi Cured, Milk ibwere pambuyo

Achimwene, poti mukufuna filimu yokhudza zonse ziwiri, ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha komanso kusalidwa pa nkhani ya matenda a maganizo, yambani ndi Cured ya 2020. Imafotokoza mmene anthu analimbanirana ndi bungwe la madokotala a maganizo ku America mpaka mu 1973 linasiya kuwatenga anthuwa ngati odwala. Chomwe sindiiwala ndi Dr. John Fryer, dokotala wa maganizo wokonda amuna anzake, yemwe mu 1972 anaulula zimenezi pamsonkhano wa madokotala anzake atavala chigoba kumaso, mawu atasinthidwa, poopa kuchotsedwa ntchito. Tangoganizani, dokotala wathunthu! Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachedwa, linasintha mu 1990.

Milk ya 2008 ndi yabwino, koma yatsamira pa ndale za Harvey Milk, khansala wa ku San Francisco wokonda amuna anzake, amene anaphedwa mu 1978.

Ine Cured ndinaonera ndekha usiku, ndipo gawo la anthu omwe ankawachiza ndi magetsi linandisowetsa tulo. Muonere ndi mnzanu. Ikakudzutsirani zowawa zakale, kapena mukayamba kuganiza zodzivulaza, musadikire, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala wa maganizo tsiku lomwelo.