Ng'ombe ziwiri za abambo ndi envelopu ya khaki

Imelo yako ndinaiwerenga ndili m'shapa, minibasi ija, yochokera ku Moatize, mpaka ndinatsala pang'ono kupitirira potsikira. Ukuti unamaliza lisensiatura (digiri yoyamba) ya za chilengedwe mu 2023, ntchito palibe, ndiye ukufunsa ngati kuli bwino kuwonjezera mestrado (digiri yachiwiri) kapena kubwerera kwanu ku Tsangano. Koma mzere umene wandilasa ndi wotsiriza uja: "Abambo anagulitsa ng'ombe, ndikawayang'ana bwanji kumaso?"

Mng'ono wanga, anga anagulitsa ziwiri, ina ili ndi bere.

Ife kwathu ndi ku Domwe, ku Mozambique konkuno. Nkhondo itafika povuta tinathawira ku Dedza, ndipo sukulu ndinayambira kumeneko. Mtendere unasainidwa ku Roma mu 1992, ife tinabwerera mu 1994, ine ndikudziwa kale kuwerenga Chichewa ndi kachingerezi kopatsira moni. Ku Domwe anandibweza kalasi yoyamba chifukwa Chipwitikizi sindinkachimva ngakhale liwu limodzi. Mnyamata wa zaka khumi kukhala pansi ndi tiana ta mamina! Ndinapirira, ndinamaliza kalasi 12, ndinapita ku Beira kukaphunzira jogalafe, ndipo pepala ndinalandira mu 2011.

Chaka chimenecho uchikumbukire. Ndi chaka chimene kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize, ndi chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula inzake ya Riversdale ndi mgodi wake wa ku Benga. Mzinda wa Tete unadzaza galimoto zoyera za timbendera kumbuyo. Kachipinda ka ku Matundo kopanda siling'i lendi yake inkakwera ngati nyumba ya bwanamkubwa. Tinkagona anayi, wina wa ku Furancungo, awiri a ku Ulongwe, aliyense ali ndi tayi imodzi yopachika pamsomali. Kumudzi amayi ankauza anzawo kuchigayo kuti mwana wawo ali ku malasha.

Kumalasha ndinaliko ndithu, koma kunja kwa geti. M'mawa uliwonse ndinkanyamula envelopu ya khaki: kope ya BI (chitupa cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho), registo criminal (kalata yosonyeza kuti ulibe mlandu), satifiketi yodindidwa kwa notario, zithunzi ziwiri. Chilichonse mwa izi ndi ndalama, ndipo registo criminal imatha mphamvu pakapita miyezi yowerengeka, uyambirenso. Pageti la kampani ina, imene sinditchula, mlonda ankalandira maenvelopu n'kumaponya m'katoni ya sopo. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa la ku Tete lija loposa madigiri 40, ndinamupeza atatsamira mpanda, malaya atamasula mabatani, akudzikupiza ndi envelopu ya munthu. Sinali yanga, koma miyendo inandifooka. Ndinakhala pamwala kwa nthawi, kenako ndinayenda wapansi kuti ndisunge ya shapa.

Anthu amathamangira kunena za cunha, kulowa ntchito kudzera mwa wodziwana naye, mawu achipwitikizi aja amene m'chinenero chathu amamveka ngati zakuchimbudzi, ndipo mwina n'zoyenera. Iliko, sindikana. Inenso munthu wina wovala bwino anandidyera 5,000 meticais ya "refresco" (chiphuphu), foni yake mpaka lero sikupezeka. Koma patapita nthawi ndinaona chinthu chopweteka kuposa katangale: ngakhale geti likanatseguka, analibe chochita nane. Ankafuna owotcherera zitsulo, amagetsi, amakaniko, oyendetsa zimakina zofukula. Ine ndinkatha kulongosola miyala ya Karoo imene malashawo amapezekamo, zaka zake ndi mmene inayalirana, koma sipanala nambala 17 sindinkaidziwa. Anyamata a ku Zimbabwe ankalowa ali ndi mapepala a ntchito zamanja ndi Chingerezi, ife n'kumawadandaula kumowa kuti atilanda ntchito. Anatilanda chiyani chimene tinkachidziwa?

Pano ndiye ndilankhula mosapsatira, amene akwiye akwiye. Anatinamiza, ndipo ifenso tikunamiza ana athu. Mgodi wa masiku ano si wa makasu ndi mafosholo. Galimoto imodzi imanyamula zimene mudzi wonse sungasenze pamwezi. Anthu ambiri amalembedwa nthawi yomanga, misewu, njanji, nyumba, ndipo kumangako kukatha makontirakiti amathera pomwepo. Mtengo wa malasha utagwa, Rio Tinto inagulitsa Benga mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha, chinthu chimene inagula ndi mabiliyoni. Vale nayo inachoka mu 2022, n'kusiyira kampani ya Vulcan. Sitima zikupitabe ku Nacala kudzera ku Malawi, zodzaza, koma chigawo chonse sichingadye pa dzenje limodzi. Funsa amene anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi, kapena oumba njerwa a ku Moatize amene anataya mauvuni awo, ngati ana awo onse anavala chisoti.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Iwe ndi ine tikuchokera kumapiri kumene kumadyetsa mzinda uno. Mbatatesi ya pamsika wa Kwachena ikuchokera kuti? Angónia ndi Tsangano. Kabichi, nyemba, soya, chimanga, ngakhale fodya amene amadzaza fakitale ya kuno, zambiri n'zakumtunda kwathu. Koma sukulu inatiphunzitsa kuti khasu ndi chilango cha ochedwa. Ku Ulongwe kuli fakuludade ya zaulimi ya UniZambeze, pakati pa minda penipeni, ndipo ndakumanapo ndi ena otuluka kumeneko ali pamzere wa envelopu kuno kotentha, kufuna mpando wa muofesi. Phindu la mbatatesi likudyedwa ndi wa lole amene analekeza kalasi 7, koma amadziwa mtengo wa thumba ku Beira dzuwa lisanatuluke. Ameneyo sindimunyoza. Ndimamupatsa moni ndi manja awiri.

Ukudziwa chimene chinandilowetsa pageti pomaliza? Kachingerezi ka ku Dedza kaja. Kapitawo wina wa ku South Africa ankakalipira anyamata osamvana nawo, ine ndili chapafupi ndinamasulira, mawa lake anandiitana. Miyezi 14 ndinali womasulira ndi wolemba maola. Pepala la ku Beira palibe analifunsa. Kontirakiti itatha ndinayamba kuphunzitsa pasukulu ina yoyima payokha, ndipo Loweruka ndimatsitsa matumba a mbatatesi ndi msuweni wanga. Jogalafe ija imandithandiza, sindinama, ndimawerenga mvula ndi nthaka kuposa anzanga. Koma inayamba kuthandiza nditasiya kuiyesa tikiti.

Nanga za mestrado?

Ngati pali bolsa, thandizo lokulipirira maphunziro, pita. Ngati ndi ng'ombe ina ya abambo, ayi. Pepala lachiwiri pamwamba pa loyamba losagwira ntchito limangokulitsa envelopu. Ndi maphunziro ako a chilengedwe, ine ndikanafuna kosi yaifupi ya ukhondo ndi chitetezo pantchito, imene makampani amaitcha HST, chifukwa imayenderana ndi zimene ukudziwa kale ndipo imafunsidwa. Kafunse ku IFPELAC, sukulu ya boma ya ntchito zamanja, zimene akuphunzitsa chaka chino, kalembetse dzina ku INEP, ofesi ya boma ya ofuna ntchito, ndipo estágio, ntchito yophunzirirapo ija, usaikane ngakhale ya ndalama ya shapa yokha. Chiphaso choyendetsera galimoto ndi Chingerezi uziike patsogolo. Wina akakuuza kuti upereke kaye ndalama kuti akulowetse, thawa.

Za abambozo, ine ndinakhala zaka ziwiri osaponda ku Domwe chifukwa cha manyazi omwewo. Nditapita ndinawapeza pakhola akuthira mankhwala a nkhupakupa. Ndinagwada, ndinayamba kufotokoza za envelopu, za mlonda, za munthu wa refresco uja. Anamvetsera osandiyang'ana, kenako anati, "Gwira mwendo uwo, ikukankha." Tinathira ng'ombe zonse zinayi zotsalazo mpaka dzuwa kupendeka. Za ziwiri zija sanazitchule, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake mpaka anatisiya.

Pita nthawi yokumba mbatatesi, uwatengereko shuga ndi sopo. Ukafika undilembere mtengo wa thumba kumeneko, msuweni wanga akufuna matumba 30 ndipo alibe munthu wodalirika ku Tsangano.